Basi Yopanda Galasi Sinyamuka

Pa kampani yopanga magemu ija aliyense ankamutchula kuti Mabuleki, ndipo dzinali silinali lomuyamikira. Anamupatsa ndi anzake olemba mapulogalamu, chifukwa chilichonse chimene iwo ankachithamangitsa chinkati chikafika patebulo pa mayiyu, n'kuima. Ntchito yake inali yoyesa magemu asanatuluke. Iye ndi amene ankalemba timizere tija timene ambirife timatidumpha pogula gemu, tonena kuti kompyuta yochepetsetsa imene gemuyi ingayendepo ndi yotere, memori ikhale yochuluka chonchi, khadi la zithunzi, lothandiza kompyuta kujambula zooneka m'gemu, likhale lamtundu wakuti. Ena pa ntchito ngati imeneyi amangoponya manambala mongoyerekeza n'kupita kukamwa tiyi. Mabuleki ayi. Nambala imene sanaiyese yekha ndi manja ake sankailemba, ngakhale bwana atamuimirira pamutu.

Chipinda chake chinali kumapeto kwenikweni, pafupi ndi masitepe a kuseri, ndipo munkatentha ngati mophikira buledi. Makina oziziritsa mpweya analimo, koma iye anawazimitsa tsiku loyamba lomwelo. Ankati anthu ogula magemu sakhala m'firiji, ndiye kompyuta iziyesedwa mmene izikakhalira kunyumba, potentha ndi pafumbi. Patebulo lalitali panali kompyuta yaikulu yamagetsi amitundumitundu, imene alendo ankaima kuti aijambule. Panalinso konsolo, kabokosi kamene umangolumikiza ku TV n'kuyamba kusewera, malaputopu awiri, ndi mafoni asanu m'dirowa. Pakona, pansi pa windo, panali Nkhalamba: kompyuta yakale ya muofesi, yotuwa, yopanda ndi khadi la zithunzi lomwe, imene fani yake inkayamba yatsokomola kaye isanazungulire.

Kwa amene simunasewerepo, gemu ndi zithunzi zambirimbiri zosinthana mofulumira. Kompyuta ikamajambula zithunzi 60 pa sekondi imodzi, diso limaona zinthu zikuyenda myaa. Zikakhala 30, munthu amasewera ndithu osadandaula. Zikatsika kuposa apo, galimoto ya m'gemumo imayenda modukizadukiza, iwe wakhota kale koma iyo ikadali kuganiza. Pakona pa sikirini iliyonse m'chipindamo pankaoneka kanambala kowerenga zithunzizo, ndipo Mabuleki ankakayang'ana monga namwino ayang'anira choyezera kutentha kwa thupi.

Khalidwe limeneli analitengera kwa bambo ake, amene anayendetsa basi zaka makumi atatu ndi zinayi. Ali mwana, sukulu ikatsekera, ankakwera nawo n'kukhala pachivundikiro cha injini pambali pa dalaivala, miyendo ili lendelende. Pa siteji iliyonse, anthu akatha kukwera, bambo akewo ankafunsa mokweza kuti basi yonse imve:

"Kumbuyo kuli bwanji, kondakitala?"

Iye ankadzuka, n'kusuzumira mpaka khosi kupweteka, kenako n'kuyankha monyada kuti, "Kuli bwino, Bambo. Tiyeni!"

Tsiku lina, ali ndi switi m'kamwa, anangoyankha osatembenuka. Basi sinanyamuke. Bambo ake anamuyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, "Usamalankhule usanayang'ane." Atatembenuka anaona mayi wina ali ndi phazi limodzi pa sitepe, linalo likadali pansi. Apo m'pamene anadziwa kuti bambo ake ankakhala ataona kale zonse pagalasi, funso lija linali sukulu chabe.

Atakula anayamba ntchito pa shopu yokonza makompyuta, kupemerera fumbi ndi kusintha mafani, mpaka anafika podziwa matenda a kompyuta pongomva kulira kwake. Atalowa ku kampani ya magemu n'kupatsidwa dzina lija, anakadandaula kunyumba. Bambo ake anaseka chikhakhali mpaka kupukuta misozi.

"Akukutamanda amenewo, kungoti sakudziwa," anatero. "Dalaivala amathamanga chifukwa amakhulupirira mabuleki. Achotse uone ngati angafike ndi pa geti pomwe."

Kuseka kotereku kunatha m'nyumbamo chaka chimene bambowo anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wa kumanzere zinafooka, adokotala anati za msewu aiwale. Madalaivala anzawo, powatsanzika, anapempha kompyuta yakale ya muofesi ya pa depoti, imene inkalemba ndandanda ya maulendo, aliyense n'kusaina dzina lake pambali pake ndi cholembera chakuda, n'kuwapatsa ngati mphatso. Mabuleki anawatenga bambo ake kuti azikhala naye. Kompyutayo anaiika pakatebulo m'chipinda chochezera, ndipo bambowo ankaipukuta fumbi m'mawa uliwonse ndi dzanja lamanja koma osaiyatsa. Tsiku lonse ankangokhala pawindo. Basi ikadutsa pamsewu, ankatembenuzira nkhope kukhoma. Mawu awo pa tsiku sankakwana khumi, ndipo ambiri mwa iwo anali "ayi" ndi "zikomo".

Ndiye kampani itayamba kupanga gemu yoyendetsa basi, mtima wa Mabuleki unadumpha. Anayendayenda m'mashopu a zinthu zakale mpaka anapeza kompyuta yofanana ndendende ndi ya bambo ake, ndipo imeneyo ndiyo inali Nkhalamba. Anagulanso chiwongolero chapulasitiki ndi zopondera zake, n'kumangirira kachogwirira kozungulira kuti munthu azikhotetsa ndi dzanja limodzi. Kenako, munthu wosamala pakamwa ngati iyeyu, anachita chinthu chimene sanachitepo pa ntchito yake yonse. Anagwada pambali pa mpando wa bambo ake n'kunena kuti:

"Bambo, mudzayendetsanso basi. Pa kompyuta yanu yomweyi."

Bambowo anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Wayang'ana?" anafunsa.

Mabuleki anali asanayang'ane, pakuti gemuyo inali isanathe n'komwe.

Gemu itatha, patatsala sabata imodzi kuti mizere ya zofunika ilembedwe, iye anaiyesa pa makina onse. Pa kompyuta yaikulu ija kanambala kanafika 140, madontho a mvula akuoneka limodzilimodzi pagalasi lakutsogolo. Pa konsolo kanakhazikika pa 60 osagwedezeka, chifukwa makonsolo amtundu umodzi amafanana onse, ukakonzera imodzi wakonzera dziko lonse. Malaputopu anayamba mwamatama pa 45, koma patapita theka la ola anatentha n'kutsikira pa 30, ndipo iye analemba 30, pakuti munthu sasewera gemu mphindi zisanu zokha. Atayatsa Nkhalamba, kanambala kanati 18. Basi italowa pa depoti, pamene pamakhala mabasi ambiri ndi anthu piringupiringu, kanagwera pa 11. Mabuleki anakumbukira lonjezo lake kwa bambo ake, ndipo anachita mantha.

Pa msonkhano wa Lolemba bwana sanapite m'mbali.

"Mayi Mabuleki, Nkhalamba yanuyo ipume. Tilembe kuti gemuyi imafuna khadi la zithunzi, nkhani ithe. Amene alibe, agule."

"Bwana, ndipatseni mpaka Lachisanu."

"N'chifukwa cha bambo anu, eti? Ndamva. Bwanji osangowapezera kompyuta ina? Ngakhale imodzi ya muno titha kuwapatsa."

"Ndinayesapo kale," anayankha Mabuleki. "Anandiuza kuti injini imene ikulira bwino sataya. Ndiponso ine sindinawauze kuti adzayendetsa pa kompyuta ina, ndinati pa yawo."

Bwanayo sanali munthu woipa, anali wotanganidwa chabe. Anakanda m'mutu n'kuvomera, koma anati Lachisanu masana cholembera chikhale chitagwira ntchito, kaya ndi Nkhalamba kaya popanda Nkhalamba.

Masiku awiri otsatira Mabuleki anachita zimene ankadziwa bwino kuposa wina aliyense pamalopo: kuzimitsa chinthu chimodzi cha m'gemumo, kuyendetsa basi msewu womwewo, kulemba nambala, kuchiyatsanso, n'kupita pa china. Atazimitsa mithunzi, kanambala kanakwera pang'ono. Atachotsa madontho a mvula, kanangosuntha ngati munthu waulesi wopemphedwa malo pabenchi. Masamba a mitengo, utsi, mbalame za pamawaya, zonse anaziyesa chimodzichimodzi, ndipo pepala linadzaza koma 30 sanaoneke. Anzake podutsa pakhomo ankamuseka kuti akudyetsa phala munthu wakufa kale. Iye ankangopitiriza, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachitatu cha m'ma teni anazimitsa magalasi awiri oonera kumbuyo. Kanambala kanalumpha kufika 33.

Anathamanga kukaitana mkulu wa olemba mapulogalamu, munthu wandevu zosapesa amene anthu ankamutcha Zatheka, chifukwa ndi mawu amene ankayankha usanamalize n'komwe kufunsa. Zatheka anayang'ana sikirini n'kudzimenya pamphumi.

"Ndife opusa bwanji! Achemwali, galasi lililonse limakakamiza kompyuta kujambula msewu wonse kachiwiri. Nkhalambayi yakhala ikujambula tauni katatu, kutsogolo ndi m'magalasi awiri, mitengo ndi mithunzi yomwe. Ndiye basi, pa makompyuta ofooka tingochotsa magalasi. Zatheka!"

Mabuleki anakopera gemuyo pa fulashi, kachipangizo konyamulira zinthu za pa kompyuta, n'kupempha kuti aweruke msanga. Mumsewu monse ankamwetulira yekha ngati wopenga.

Kunyumba anakokera mpando wa bambo ake pakatebulo, anamangirira chiwongolero, n'kuika zopondera pansi pa phazi lamanja. Sikirini itawala, basi inaoneka ili pa depoti, injini ikulira. Bambowo anawongola msana. Dzanja lawo linagwira chiwongolero pamalo pake penipeni, ngati linachisiya dzulo. Kenako maso awo anapita kumanja kwa sikirini, anapita kumanzere, n'kubwereranso kumanja.

"Magalasi ali kuti?"

"Tachotsa, Bambo. Amalemetsa kompyuta. Koma onani mmene ikuyendera bwino tsopano, tangopondani."

Bambowo anachotsa dzanja pa chiwongolero n'kuliika pamwendo.

"Basi yopanda galasi sinyamuka," anatero, n'kutembenukira kuwindo.

Tisabise, Mabuleki anapsa mtima. Masiku atatu a thukuta, kusekedwa ndi anzake, kupembedza bwana, zonsezo n'kuthera pa mawu anayi! Anatsala pang'ono kunena kuti iyi ndi gemu chabe, palibe amene afe. Koma atayang'ana dzanja lija lili pamwendo, zala zikugwedezeka pang'ono ngati zikufunabe chiwongolero, mkwiyo unasanduka manyazi. Munthu amene anayenda zaka makumi atatu ndi zinayi osaponda ngakhale galu, iye amafuna kumuyendetsa wakhungu. Anakumbukira kuti safunsa anadya phula. Anakoka kampando n'kukhala pansi.

"Bambo, ndiphunzitseni. Mukayang'ana pagalasi mumaona chiyani?"

Bambowo anakonza kukhosi.

"Galasi saliyang'anitsitsa ngati munthu wometa ndevu," anayamba motero, mawu akutuluka molemera. "Umangoliba ndi diso, n'kubwerera kutsogolo. Ukufuna kudziwa zinthu zitatu basi. Kuli chinthu? N'chachikulu? Chikuyandikira?"

"Nanga mitengo, nyumba, mithunzi?"

"Mtengo unayamba wathamangitsapo basi? Zimene wadutsa, wadutsa. Ine ndi zoyenda zokha."

"Nthawi zonse n'choncho?"

"Ayi." Anakweza chala. "Pa siteji, chitseko chikatseguka, galasi la mbali ya chitseko ndi moyo wa munthu. Pamenepo ndiye ndimayang'anitsitsa. Ndimafuna kuona phazi lomaliza litakwera, ndi mwana amene wazembera mayi ake kupita ku tayala. Koma nthawi imeneyo basi yaima, kutsogolo kulibe chondithamangitsa."

Anapitiriza kulankhula mpaka tiyi amene anali patebulo anazizira: za njinga zimene zimabisala pambali pa basi, za dzuwa la m'mawa likamenya pagalasi, za dalaivala wina amene ankapesa tsitsi pagalasi mpaka anagunda mpanda wa depoti. Pofotokoza za ameneyu, mbali imodzi ya pakamwa pawo inakwera pang'ono. Mabuleki ankalemba mofulumira kuseri kwa envulopu, chifukwa pa zaka ziwiri anali asanamve mawu ochuluka chonchi kuchokera kwa bambo ake.

Lachinayi m'mawa anaika envulopuyo patebulo la Zatheka.

"Achimwene, magalasi abwerere. Koma azijambula magalimoto ndi anthu okha, apafupi okha, opanda mithunzi, opanda mitengo. Asamajambule onse nthawi imodzi, azisinthana. Basi ikaima chitseko n'kutseguka, galasi la kuchitseko lizioneka bwinobwino, mphamvu zake tizitenga kutsogolo kumene kwaima."

Zatheka anawerenga, n'kuwerenganso.

"Pofika mawa masana? Achemwali, izi sizitheka."

Ofesi yonse inaphulika ndi kuseka, pakuti mawu amenewa anali asanatulukepo pakamwa pake. Mabuleki yekha sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala pambali pake, manja atapinda.

"Ndiye ndikhala pompano mpaka dzina lanu libwerere," anatero.

Anakhaladi. Zatheka akasintha mzere, iye ankathamanga nawo ku Nkhalamba n'kubwera ndi nambala. Koyamba galasi linkaonetsa magalimoto akuyandama m'mwamba chifukwa anachotsa ndi msewu womwe. Kachiwiri anthu ankangotulukira mwadzidzidzi pafupi ndi tayala, ndipo Mabuleki anakana kwamtuwagalu, nati bambo ake sangalole. Zatheka anadandaula kuti akulamulidwa ndi munthu amene sanamuonepo, koma zala zake sizinaime. Pofika Lachisanu m'mawa, Nkhalamba inaonetsa 32, magalasi onse awiri ali m'malo mwake.

Wina aliyense akanathamangira kwa bwana nthawi yomweyo. Mabuleki anatseka chitseko ndi windo kuti chipinda chitenthe bwino, n'kuyendetsa basi maola awiri athunthu. Anailowetsa pa depoti kasanu, anaiyendetsa pa mvula, anaiimika pa siteji yodzaza anthu. Fani ya Nkhalamba inalira ngati ikupempha chifundo. Kanambala kanatsika pa 31, kenako pa 30, n'kukakamira pomwepo. Atatuluka bulauzi ili yonyowa, anapita kukalemba mzere wake: memori yochepa, popanda khadi la zithunzi, zithunzi 30 pa sekondi. Bwana atamva kuti njira yomweyo yachititsa kuti malaputopu asamatenthe msanga, anafunsa ngati bambo akewo angafune ntchito.

Loweruka m'mawa, dzuwa likulowa bwino m'chipinda chochezera, Mabuleki anayatsa kompyuta ya mayina a madalaivala ija. Ulendo uno sanalonjeze chilichonse, pakuti anali ataphunzira. Bambo ake anakhala pampando, anagwira chiwongolero, maso n'kupita kumanja, kenako kumanzere. M'magalasi munkaoneka mabasi ena a pa depoti, osakongola kwenikweni, ongokhala ngati mabokosi okhala ndi nyali. Bambowo anawayang'ana, n'kugwedeza mutu kamodzi. Phazi linaponda.

Basi inatuluka pa geti mosagwedeza ngakhale kapu ya madzi. Pokhota, diso lawo linkaba galasi n'kubwerera, monga ananenera. Galimoto ina itawapyola mwachipongwe, anailankhulira mawu amene Mabuleki anali atawaiwala, ndipo sitiwalemba pano. Iye anaima kumbuyo kwa mpando, manja ali pakamwa.

Pa siteji yoyamba anaimika basi mofatsa n'kutsegula chitseko. Galasi la kuchitseko linayera, anthu n'kuyamba kukwera mmodzimmodzi mpaka phazi lomaliza. Chitseko chinatsekeka. Koma basi sinanyamuke. Mabuleki anaganiza kuti kompyuta yaima.

"Iwe," anatero bambo ake osatembenuka, "basi yanga siyenda munthu ali chiimire. Khala pansi."

Mabuleki anakoka kampando kaja n'kukhala pambali pawo, chakumunsi pang'ono, pamalo pamene pakanakhala chivundikiro cha injini. Bambowo anakonza kukhosi, ndipo mawu anatuluka mokweza, oti basi yonse imve.

"Kumbuyo kuli bwanji, kondakitala?"

Misozi inali itadzaza kale m'maso mwake moti sikirini inkaoneka mwachimbuuzi. Anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja. Kanambala ka pakona sanakayang'ane n'komwe. Anaweramira kutsogolo, anayang'anitsitsa galasi la kumanja, kenako la kumanzere, mpaka anatsimikiza.

"Kuli bwino, Bambo," anatero. "Tiyeni."